Mawu Oti "Mamina" ndi Abale Ake: Tanthauzo ndi Ntchito Yake M'zolemba

Chiyambi

Pali mawu ena amene ophunzira akawapeza m'ndakatulo kapena m'nkhani yaifupi amayamba aseka, kenaka n'kuwalumpha. Ena mwa mawu oterewa ndi oti "mamina". Funso likabwera lakuti, "Kodi mlembi wasankha mawuwa chifukwa chiyani?" ambiri amangolemba kuti, "Akufuna kuonetsa uve," basi. Yankho lotere nthawi zina limalasa, koma kawirikawiri limaphonya, ndipo malikisi amatayika pomwepo.

M'mutu uno tiona kuti chimene mawuwa amanena m'zolemba chimadalira zinthu zitatu: amene akuyankhula, amene akuuzidwa, ndi malo amene mawuwo agwera. Wophunzira amene wazindikira zimenezi pa mawu amodzi awa adzatha kuchita chimodzimodzi pa mawu ena alionse amene angakumane nawo pa mayeso a MSCE.

1. Tanthauzo loyamba

Mamina ndi madzi olenda amene amatuluka m'mphuno. Amapangidwa ndi khungu lofewa la m'kati mwa mphuno, ndipo ntchito yake ndi kunyowetsa mpweya umene tikupuma komanso kukola fumbi ndi tizilombo toyambitsa matenda kuti tisafike m'mapapo. Munthu aliyense ali nawo nthawi zonse, ngakhale ali bwinobwino. Amangoonekera akachuluka.

Zinthu zitatu zimene zimawachulutsa kawirikawiri ndi izi: matenda a chimfine, mphepo yozizira, ndi kulira. Pa za kulira, dziwani kuti pali kanjira kochokera pangodya ya diso kupita m'mphuno. Misozi ikachuluka, ina imatsikira m'kanjira kameneka n'kusakanikirana ndi mamina. N'chifukwa chake munthu wolira kwambiri amafwenthera. Sungani mfundo zitatuzi, pakuti iliyonse imam'patsa mlembi tanthauzo lakelake.

Pa malamulo a chiyankhulo, "mamina" ndi dzina la m'gulu la Li-Ma, koma lilibe mawu osonyeza chinthu chimodzi. Pamenepa likufanana ndi mayina ena a zinthu zamadzimadzi monga madzi, magazi ndi mafuta. Mgwirizano wake ndi wotere: "mamina ake akutuluka", "mamina ambiri". Dzinali ndi lapachibale ndi mneni woti "kumina", kutanthauza kutulutsa mamina m'mphuno ndi mpweya.

Tanthauzo loyamba lotere ndi limene timafuna mu mtanthauziramawu, monga uja wa Chimang'anja amene David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre adatulutsa mu 1892, kapena Mtanthauziramawu wa Chinyanja amene bungwe la Centre for Language Studies lidatulutsa mu 2000. Koma funso la zolemba limayambira pamene mtanthauziramawu walekezera.

2. Abale ake a mawuwa

Chichewa chili ndi mawu angapo onena za zinthu zolenda ndi zoterera. Mlembi waluso sawasakaniza, ndipo wophunzira ayenera kudziwa malire ake.

(a) Makhololo amachokera m'chifuwa ndi kukhosi, ndipo amatuluka potsokomola. Kuchipatala ndiwo amene amayezedwa pofufuza chifuwa chachikulu. M'nkhani, mawuwa amakokera maganizo a wowerenga ku matenda aakulu kapena ku ukalamba.

(b) Ntchofu ndi zolenda zokhuthala, monga zimene zimaoneka m'chimbudzi cha munthu wodwala kamwazi. Awa ndi mawu olemera, ndipo samveka kawirikawiri pamacheza.

(c) Malovu ndi a m'kamwa. Akamachucha okha, munthu ali mtulo kapena akusirira chakudya, timati dovu. M'zolemba dovu limayendera limodzi ndi dyera ndi nkhuli.

(d) Chimfine ndi dzina la matenda. Komabe anthu amalitchula mwaulemu m'malo mwa mamina, monga pamene mayi auza mwana pamaso pa alendo kuti, "Kapukute chimfinecho."

(e) Ndere ndi zobiriwira zoterera zimene zimamera pamiyala ya mumtsinje ndi m'madzi odikha.

Palinso aneni atatu oyenera kuwasiyanitsa. Kulenda ndi kutamuka ngati ulusi, monga limachitira therere ukalitapa ndi mbamu ya nsima. Kuterera ndi kusagwirika kapena kusapondeka, monga njira yamatope kapena thupi la mlamba, nsomba yopanda mamba. Kumata ndi kugwira osafuna kusiya, monga umachitira ulimbo. Chinthu choterera chimakuthawa, chinthu chomata chimakukola. Tsono mlembi akanena kuti mtengambali wina ndi woterera ngati mlamba, akutiuza kuti munthuyo sagwidwa pa mlandu ndiponso sakhazikika pa mawu ake. Mawu ena mwa awa ali ndi anzawo m'ziyankhulo zoyandikana nafe: m'Chiswahili kuterera amati "kuteleza", ndipo ndiwo zamasamba zolenda amazitcha "mlenda".

Pa kalembedwe, kumbukirani lamulo lakuti r amatsatira i kapena e, pamene l amakhala m'malo ena onse. Choncho timalemba therere, kuterera, ndere, koma kulenda ndi malovu.

3. Khalidwe limodzi, ziweruzo ziwiri

Taganizirani za therere. Kaya ndi lobala, kaya ndi la masamba monga denje ndi chewe, amayi amaliphika ndi soda kapena chidulo kuti lifewe ndi kulenda bwino. Therere losalenda ndi therere lolephereka. Kulendako ndiko kumathandiza nsima kutsika kukhosi, ndipo n'chifukwa chake ndi ndiwo yokondedwa ndi ana, okalamba ndi odwala. Koma kulenda komweko kukaoneka pamphuno pa munthu, ena amayang'ana kumbali.

Apa pali phunziro lalikulu la mutu uno. Kulenda pakokha kulibe ubwino kapena kuipa. Chimene chimaweruza ndi malo. Mumphika n'chokoma, pamphuno n'chamanyazi, kuchipatala n'chinthu wamba chofunika kuchiyeza. Mawu nawonso ndi chimodzimodzi. Pofuna kutsimikiza zimenezi, tiyeni tiwaike mawu oti "mamina" pamalo enieni, tione mmene akusinthira nkhope.

4. Malo ndi nthawi: kwa Chimaliro m'nyengo ya chiperoni

Dera la Mfumu Yaikulu Chimaliro lili m'boma la Thyolo, boma lodziwika ndi minda ya tiyi. Tiyi adayamba kulimidwa ngati mbewu yogulitsa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo adafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ambiri mwa anthu amene adagwira ntchito m'mindayi anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala pogwira thangata. Thangata lidathetsedwa mu 1962, koma udindo wa kapitao, munthu woima pakati pa eni munda ndi antchito, udatsala. Kapitao amachokera m'midzi yomweyo ya antchito amene akuwayang'anira. Mfundo imeneyi ikhala yofunika posachedwapa.

Kuyambira May kufikira August, ku Thyolo ndi ku Mulanje kumagwa chiperoni, mvula yowaza yodza ndi nkhungu ndi mphepo yozizira. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imadzera. M'miyezi imeneyi tiyi amaphukira pang'onopang'ono, kotero dengu limachedwa kudzaza kusiyana ndi nthawi ya dzinja. Wotchola tiyi amafunika kutchola masamba awiri anthete ndi nsonga yake, ndipo zimene watchola zimayezedwa pa sikelo.

Ndime ili m'munsiyi yalembedwa kuti tiphunzirirepo m'mutu uno. Atengambali ake ndi esiteti yake ndi zopeka. Iwerengeni kawiri musanapitirire.

Unali mwezi wa June, chiperoni chitagwa masiku atatu osakata. Njira yopita ku sikelo inali kuterera ngati msana wa mlamba. Mayi wina wachikulire anatula dengu lake, napukuta mamina ndi kuseri kwa dzanja poti zala zinali zitauma ndi kuzizira. Kapitao, mnyamata amene anali atangokwezedwa kumene, anasuzumira m'dengumo osayang'ana mwini wake.

"Masamba okhwima achuluka umu. Ndidula makilogalamu awiri."

"Pepani akapitao, taonaninso bwino."

"Ndanena kale, mayi. Sunthani, anzanu akudikira."

Kumbuyo kwa mzere wina anang'ung'udza, "Mwana wamamina ngati ameneyu n'kumatilamula ife?" Ena anaseka. Mayi uja sanaseke nawo. Anasendera pafupi ndi sikelo, natsitsa mawu kuti ena asamve.

"Akapitao, chaka chija mayi anu atagonekedwa kuchipatala, mamina anu ankapukuta ndani?"

Mnyamatayo anangogwira cholembera, osalemba kanthu. Kenaka anafwenthera, nati ndi chiperoni.

5. Kuzukuta ndimeyi

Mawu oti "mamina" atchulidwa katatu m'ndimeyi, ndipo kachinayi abisidwa. Paliponse akugwira ntchito yosiyana.

Poyamba, ali m'kamwa mwa wofotokoza nkhani. Mayiyu akupukuta mamina ndi kuseri kwa dzanja. Wophunzira wofulumira alemba kuti mayiyu ndi wauve. Koma taonani kuti chiganizo chomwecho chapereka chifukwa: zala zauma ndi kuzizira. Chiganizo choyamba cha ndime chatiuzanso kuti chiperoni chagwa masiku atatu. Pamenepa mamina ndi umboni wa nyengo ndi wa ntchito. Mlembi sadanene kuti, "Mayiyu ankavutika kwambiri." Watisonyeza thupi la munthu amene waima m'tiyi wonyowa kuyambira m'mamawa, ndipo ife tadzimvera tokha chisoni. Kusonyeza kotere kuli ndi mphamvu kuposa kunena.

Kachiwiri, ali m'kamwa mwa wong'ung'udza, ndipo ndi chipongwe. Kapitaoyo alibe mamina pamphuno. Mawu oti "mwana wamamina" ndi chining'a chotanthauza munthu wosakhwima, amene sanafike podzisamalira yekha, nanji kulamula ena. Mphamvu ya chipongwechi ikuchokera ku chikhalidwe chathu chimene chimalemekeza msinkhu. Wong'ung'udzayo akuyesa kum'vula kapitao udindo pom'bwezera ku ubwana. Komabe taonani pamene waima: kumbuyo kwa mzere, ndipo sadam'tchule maso ndi maso. Chipongwe chake chabala kuseka, koma makilogalamu awiri aja sadabwerere. Mlembi akutionetsa mkwiyo wa anthu amene alibe mphamvu, umene umathera m'kuseka.

Kachitatu, ali m'kamwa mwa mayi uja, ndipo apa ndiye pagona mtima wa ndimeyi. Mawu amene mnzake watukwanira, iye wawasandutsa chikumbutso cha chisamaliro. Kupukuta mamina a mwana wa munthu wina ndi ntchito yonyozeka imene palibe amalipidwa, ndipo amene waichita amakhala ngati kholo. Mwambi umati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayiyu sadautchule mwambiwu, koma funso lake laima pa mwambi womwewo. Zinthu zitatu zikukometsa mawu akewa. Choyamba, ndi funso losafuna yankho, pakuti onse awiri akulidziwa yankho lake. Chachiwiri, watsitsa mawu, kusonyeza kuti cholinga chake si kum'chititsa manyazi mnyamatayo pagulu. Chachitatu, wasunga ulemu wonse. Akuti "akapitao", "mayi anu", "mamina anu". Ulemu wa udindo ndi mawu a ku ubwana zakumana m'chiganizo chimodzi. Mayiyu akuvomereza kuti mnyamatayo ndi bwana wake lero, koma akum'kumbutsa kuti pali ngongole ina imene sikelo singayeze.

Kachinayi, mawuwa sadatchulidwe. Kapitao "anafwenthera, nati ndi chiperoni". Kumbukirani zinthu zitatu zochulutsa mamina zimene tidatchula poyamba paja. Kapitao akuti ndi kuzizira. Wowerenga akuganiza kuti ndi misozi imene yatsikira m'mphuno chifukwa mwamuna waudindo sakufuna kulira pamaso pa antchito. Mlembi wasiya zonse ziwiri zili chotsegula. Ndiponso amene ankatchedwa "wamamina" mwachipongwe tsopano alidi nawo, chimodzimodzi ndi mayi wa pachiyambi cha ndime. Mphepo imene yam'gwira wotchola yam'gwiranso woyeza. Mwa njira imeneyi mawu amodzi amanga ndime yonse ndi kunyamula mfundo yake yaikulu, yakuti udindo sufafaniza ubale.

Onaninso chifanifani cha m'chiganizo chachiwiri: njira "inali kuterera ngati msana wa mlamba". Pamwamba chikunena za dothi lofiira la ku Thyolo likanyowa. Pansi chikutikonzekeretsa kuti pamalo pano munthu akhoza kugwa, ndipo amene watsala pang'ono kuterereka pa khalidwe ndi kapitao.

6. Pamene alembi amalakwitsa

Si mlembi aliyense amene amawagwiritsa bwino ntchito mawu oterewa, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wodzudzula malinga apereke zifukwa. Zolakwa zodziwika ndi ziwiri.

Choyamba ndi kuwasandutsa chidindo cha umphawi. Alembi ena akafuna kuonetsa kuti banja ndi losauka amangothamangira kujambula mwana wamamina, wotuwa, wamimba yotupa. Chithunzi chimenechi chabwerezedwa mpaka chasuluka, ndipo sichinena zoona zonse. Chimfine chimagwira mwana wa kumudzi ndi wa m'tauni yemwe. Chosiyana ndi chakuti wina ali ndi munthu wapafupi wom'pukuta, pamene mayi wa mnzake watuluka kusanache kupita kumunda wa tiyi. Mlembi amene waonetsa mamina osaonetsa chifukwa chake wam'sandutsa mwanayo choseketsa, ndipo wam'weruza mayi wake osamumva. Mlembi wabwino amatipangitsa kufunsa kuti, "Wom'pukuta ali kuti?"

Chachiwiri ndi ulemu wopitirira muyeso. N'zoona kuti Chichewa chimakonda kuphimba zinthu za m'thupi. Timati kudzithandiza, kutaya madzi, kupita kuseri. Ulemu umenewu ndi wofunika pakati pa anthu. Koma m'zolemba, mawu ophimba akaikidwa pamalo olakwika amapha nkhani. Tayesani kusintha funso la mayi uja kuti likhale, "Chimfine chanu ankasamalira ndani?" Likumveka ngati funso la namwino. Manja a mayiyo, nsalu imene ankapukutira, ndi kuchepa kwa mwanayo, zonse zasowa. Mawu osaphimba aja ndiwo akum'bwezera kapitao pamiyendo pa mayiyu. Chifukwa choti chiyankhulo chathu chimakonda kuphimba, mlembi akasankha kusaphimba ndiye kuti wachitira dala, ndipo ntchito yanu ndi kupeza cholinga chake.

7. Kayankhidwe ka mafunso

Mukapeza mawu okhudza za m'thupi kapena ooneka onyansa m'ndime ya mayeso, tsatani njira iyi:

(a) Perekani tanthauzo loyamba la mawuwo mwachidule.

(b) Funsani kuti akuyankhula ndani, akuuza yani, ndipo ali pati.

(c) Onani ngati chinthucho chilipodi kapena ndi chining'a chabe.

(d) Ikani mawu ena pamalo pake, muone chimene chatayika.

(e) Lumikizani zimene mwapeza ndi mfundo yaikulu ya nkhani.

Tiyerekeze kuti funso likuti: "Fotokozani kufunika kwa mawu oti 'mamina' m'funso la mayi wa m'ndimeyi."

Yankho lofooka: "Mawuwa akusonyeza kuti kapitao anali wauve ali mwana ndipo mayiyo akumunyoza."

Yankho limeneli latenga tanthauzo la pamwamba, ndipo lasokoneza cholinga cha mayi ndi cha wong'ung'udza. Silidaone kuti mayiyo watsitsa mawu.

Yankho labwino: "Mawuwa akuimira chisamaliro chimene mayiyu adam'patsa kapitao ali mwana, mayi ake akudwala. Pokumbutsa ntchito yonyozeka imeneyi, mayiyu akusonyeza kuti iye ndi ngati kholo la kapitaoyo, choncho ayenera kum'chitira chifundo. Wanena motsitsa mawu komanso mwaulemu, kuti 'akapitao' ndi 'anu', zimene zikuonetsa kuti akudandaula, sakunyoza. Mawuwa akuthandiza kuonetsa mfundo yakuti udindo sufafaniza ubale."

Yankho lachiwirili latchula tanthauzo, lapereka umboni wochokera m'ndime, ndipo lafika pa mfundo yaikulu. Lili ndi ziganizo zinayi zokha. Kutalika kwa yankho sikupindula kanthu ngati umboni mulibe.

Mathero

Mawu oti "mamina" akhoza kukhala umboni wa ntchito yowawa, chipongwe, chikumbutso cha chisamaliro, kapena chophimba misozi. Amene amasankha pakati pa matanthauzo amenewa ndi woyankhula, womvera ndi malo. Musawaseke mawu musanawafunse ntchito imene abwerera m'chiganizo. Kawirikawiri mawu amene kalasi yonse yaseka ndi amene asenza mfundo ya mlembi.

Mafunso obwereza

1. Siyanitsani matanthauzo a mawu awa, ndipo pangani chiganizo chimodzi pa mawu alionse: mamina, makhololo, ntchofu, dovu.

2. Kodi dzina loti "mamina" lili m'gulu liti la mayina? Tchulani mayina ena atatu ofanana nalo pa kusowa mawu osonyeza chinthu chimodzi.

3. Fotokozani kusiyana kwa kulenda, kuterera ndi kumata. Ndi khalidwe lanji la munthu limene mlembi angasonyeze ndi mneni woti "kumata"?

4. N'chifukwa chiyani mayi wa m'ndimeyi sadaseke pamene anzake ankaseka? Perekani mfundo ziwiri.

5. Kodi malo ndi nthawi zathandiza bwanji kuti chiganizo chomaliza cha ndimeyi chikhale ndi matanthauzo awiri?

6. Mlembi sadatiuze ngati kapitao adadula makilogalamu awiri aja. Kodi inu mukuganiza kuti adatani? Tsimikizani yankho lanu ndi mawu opezeka m'ndimeyi.

7. Lembani ndime yanuyanu ya mizere isanu ndi itatu imene mawu oti "therere" kapena "ndere" agwiritsidwa ntchito ngati chifanifani. Pansi pake fotokozani chifukwa chimene mwasankhira mawuwo.